Sipika Yong'ambika ya Msomali

Msomali anamwalira ine ndili pamzere wa malole, pachipata cholowera dziko la eni. Ndinamvera pa wailesi ya dalaivala mnzanga. Anaika nyimbo zake zitatu motsatizana. Wailesi sichita zimenezo kwa munthu wamoyo. Ndinadziwiratu woulutsa mawu asanatsegule pakamwa.

Maliro sindinawapeze. Katundu anali wa eni, mapepala anali asanadindidwe. Ndinakhala pamzerepo masiku anayi. Pofika kuno anali ataikidwa kale.

Ndinamunyamulira zida zaka khumi ndi zinayi. Ine sindiimba. Ndinkayendetsa kaminibasi ka bandi, kutsitsa katundu, kulumikiza mawaya, kukangana ndi alonda a m'maholo. Anzanga a m'bandi ankanditcha Matayala chifukwa sindikhala pansi. Iye tinkamutcha Msomali: wamtali, wowonda, kachipewa kafulati pamutu. Ankaimba roko, nyimbo za gitala yaphokoso, m'tauni imene anthu amafuna nyimbo zovinira paukwati. Poyamba ankamuseka. Kenako ana a omuseka aja anayamba kudzaza maholo.

Zaka zitatu zapitazo ndinachoka. Sitinayambane. Misewu ya bandi ndinali nditailoweza yonse, mapazi anayamba kuyabwa. Ndinapeza lole yodutsa malire, ndinapita.

Patatha mwezi chimwalirireni, abale anakonza zoimba zomukumbukira. Loweruka, 3 koloko masana, m'holo yomwe anayambira. Gitala yake aimba ndi mwana wake wamkazi. Mwanayo ndinamunyamulapo ali kamtsikana ka kupulayimale. Tinkamutcha Kamsomali. Pano ndi mayi wamkulu, amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala.

Ndinatsika basi m'mawa wa Lowerukalo. Sindinasambe. Ndinalunjika kuholo ndi chikwama changa.

Azimayi awiri ankakolopa. Mipando yapulasitiki itandandalikidwa kale, mizere yowongoka ngati ya mayeso. Pamwamba pa siteji anapachika chithunzi chachikulu. Msomali atavala tayi. Zaka zonse zija sindinamuonepo ndi tayi. Kaya anachifukula kuti. Ankaoneka ngati munthu wopempha ntchito kubanki. Mtima unayamba kuwira pamenepo, koma ndinadzigwira.

Wang'oma anandiona. Anatsika pa siteji, anandikumbatira, ananena kuti ndanenepa m'khosi mokha ngati lole ndimaiyendetsa ndi mutu. Ndinamuuza kuti iye dazi lafika kumsana. Tinaseka pang'ono. Kenako maso anga anagwera pa Nkhalamba.

Nkhalamba inali ampulifaya ya Msomali, chokuzira mawu a gitala yake. Bokosi lakuda lofika m'mawondo, lotseguka kumbuyo. Ngodya zonyotsoka. Chogwirira chinaduka kalekale, tinamangapo lamba wa pampando wa galimoto. Sipika yake inali yong'ambika: bowo lolowa chala chachikulu, ndi mng'alu wotsika m'munsi. Chifukwa cha bowolo gitala yake sinkalira. Inkakalipa. Ngati munthu wa chifuwa akukutukwana ali pabedi. Ukamva kawiri kokha m'basi, umadziwa kuti ndi Msomali. Ena anagula zida zodula kuti alire chimodzimodzi. Analephera onse.

Atolankhani akamufunsa za bowolo ankanama. Lero akuti ndi mphezi. Mawa akuti ndi chipolopolo cha mwamuna wansanje. Tsiku lina anati khoswe wokonda nyimbo.

Zoona zake n'zakuti ndinabowola ndine. Chaka chachiwiri, kukugwa mvula, ndinalonga katundu mothamanga. Msewu unali wa maenje. Mwendo wa choimikira maikolofoni unalowa kumbuyo kwa bokosi n'kuboola pepala la sipika. Ndinaona potsitsa. Ndinasolola mwendowo, ndinakankhira bokosi kukhoma, ndinakhala chete. Ndinali nditangopeza ntchito. Poyesa zida Msomali anamenya nsambo kamodzi, anaima. Anayang'ana bokosi. Anamenyanso. Kenako anaseka mpaka kachipewa kanagwa. Sindinamuuze. Zaka zinapita, ndipo kuulula kunayamba kulemera kuposa bokosilo.

Tsopano Nkhalamba inali waliwali. Ngodya zatsopano zachitsulo. Chogwirira chatsopano. Lamba wathu uja palibe.

Wabesi, woimba gitala ya mawu aakulu, analumikiza gitala kuti ayese. Anamenya nsambo.

Inalira bwino. Bwino kwambiri. Ngati belu la pakhomo pa munthu wolemera.

Ndinakwera pa siteji osaona masitepe. Ndinagwada kuseri kwa bokosi. Sipika yatsopano, pepala losalala, kachizindikiro ka fakitale kakadali pomwepo.

Ndinafunsa kuti wachita izi ndani. Wabesi anayang'ana nsapato zake. Wang'oma anati akulu ake a Msomali anapita nayo kwa amisiri Lachiwiri. Anayamba kuwonjezera zina, kuti ndidikire kaye mwana afike, akuweruka 1 koloko. Sindinamumvere. Akuluwo ndinali nditawaona kale kumapeto kwa holo, suti yotuwa, fayilo m'khwapa, akuwerenga mipando ndi cholembera.

Munthu ameneyu anagwira ntchito m'ofesi ya inshuwalansi zaka makumi atatu. Sanabwereko kodzamvera mng'ono wake ngakhale kamodzi. Matikiti ndinkawapititsira ndekha kuofesi. Ankawalandira ndi zala ziwiri n'kuwaika pansi pa kapu ya tiyi. Anzawo akafunsa, ankati mng'ono wawo ali m'zamalonda.

Ndinawapatsa moni wa dzanja limodzi. Ndinafunsa za sipika.

Anayankha modekha, ngati akufotokozera kasitomala wosamva. Inali yowonongeka. Kubwera alendo olemekezeka, a wailesi, a kuofesi kwawo kwakale. Banja silingaike zinthu zong'ambika pamaso pa anthu. Ndipo mmisiri wagwira ntchito yabwino, ndikhoza kumva ndekha.

“Achimwene, munayamba mwamvapo nyimbo yake imodzi mpaka kumapeto?”

Anati si nthawi ya zimenezo.

“Bowo lija ndiye anali mng'ono wanu. Mwamuika kawiri.”

Azimayi okolopa anaima. Akuluwo anakonza tayi. Anati ndizikumbukira kuti ndine wantchito chabe, ndipo wantchito woti anathawa. Zinandilasa. Zinali zoona. Ndinafunsa kuti yakaleyo ili kuti. Anati zinyalala anazisiya komweko, kwa mmisiri wa kuseri kwa depoti ya mabasi, pafupi ndi ometa.

Nthawi inali itangokwana 10 koloko. Ndinasiya chikwama kwa wang'oma, ndinatuluka. Anandiitana kawiri. Sindinacheuke.

Shopu ya mmisiriyo inali ngati khola. Ma TV akufa osanjikizana mpaka kudenga. Mafani opanda mapiko. Fungo la mtovu wowotcherera mawaya. Iye anali wamfupi, wa imvi, magalasi omanga ndi waya wakopa. Pakhoma pamwamba pa tebulo lake panali chithunzi chakale chodula m'nyuzipepala, chachikasu ndi utsi. Msomali, pakamwa yasa, gitala m'mwamba.

Ndinafunsa za ampulifaya yakuda ya Lachiwiri. Nkhope yake inawala. Anati imeneyo anaigwira ndi mtima wonse. Zida zakale zotere sizipezekanso. Anatsuka mkati monse, anasintha ngodya, anaika sipika yabwino kuposa yomwe inabwera nayo. Bambo wa suti anangoti ndi ya m'bale wake amene anatisiya. Kodi yavuta pena?

Ndinaloza chithunzi chija. Ndinaloza pamene panakhala bokosilo.

Sanamve msanga. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine. Kenako anavula magalasi. Anakhala pansi pa TV yakufa.

“Ndinaiyesa ndisanamasule,” anatero. “Ndinalumikiza gitala yanga. Ndinaseka ndekha muno. Ndinati taimvani iyi, ikudziyesa ya Msomali.”

“Ndiye munamasula.”

“Ndinamasula, bwana.”

Ndinabwera kudzamukalipira. Mawu ndinali nditawakonza m'njira monse. Koma munthuyo anali atadzimenya kale. Anati anapitako kasanu ndi kawiri kokamvera Msomali. Ulendo wina anatseka shopu masana, kasitomala ali pakhomo ndi wailesi m'manja. Kumaliro anaima kumbuyo, padzuwa. Ndipo Nkhalamba inagona m'shopu mwake masiku awiri, iye n'kumaikapo kapu ya tiyi.

Ndinati zolira tilira mawa, sipika ili kuti. Anati anaiponya mu mgolo wa kuseri. Tinapita. Mgolo unali mbee. Wometa wa pafupi anatulutsa mutu pawindo, anati wa wilibala wotola zitsulo anadutsa Lachinayi. Amagulitsa kwa mayi wa zitsulo zakutha, kutsidya kwa njanji.

Mmisiri anakhoma shopu. Anaponya sikuludiraiva ndi kabatire m'thumba la ovolosi. Tinayenda wapansi, iye akuthamangira kumbuyo kwanga. M'njira anandiuza zimene amachita nazo masipika kumeneko. Amaphwanya ndi nyundo, kuchotsa maginito ndi waya wakopa. Pepala amawotcha. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa.

Bwalo la zitsulo linali lalikulu kuposa holo. Milu ya malata, zitseko za magalimoto, mabedi a chipatala, mapoto obooka. Azibambo awiri akumenya injini ndi nyundo. Mayi mwini malo atakhala pansi pa ambulera pafupi ndi sikelo, magolovesi achikopa m'manja. Tinafotokoza. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati anthu amabwera kuno kudzafuna mageti awo obedwa, koma ofuna sipika yong'ambika sanawaonepo. Masipika a Lachinayi anaphwanyidwa dzulo. Anatilozera chidebe.

M'chidebemo munali maginito okhaokha, atamatirirana ngati nkhanu. Pambali pake phulusa.

Ndinamenya chidebecho ndi phazi. Chala chinathyoka kapena ayi, sindinasamale. Ndinatukwana akulu a suti, ndinatukwana wa wilibala, ndinatukwana chipata chija ndi mapepala ake. Mayiyo anati ndikamaliza ndimuuze, ali ndi zitseko zofunika kumenyedwa.

Mmisiri sanatukwane. Anakhuthula chidebe, anayamba kulekanitsa maginito limodzilimodzi. Anati la Nkhalamba analigwira, akulidziwa, lili ndi kadontho ka penti yofiira. Penti ija ndinadontheza ndine, popenta dzina la bandi pa kaminibasi. Anafufuza onse. Lofiira panalibe.

Anafunsa mmodzi wa a nyundo kuti wa wilibala anakhuthulira pati. Anatilozera mulu wa mafiriji. Tinayamba kugubuduza. Dzuwa linali litakwera. Dzimbiri m'manja, m'maso, m'kamwa. Firiji yachinayi inandidula chikhatho. Yachisanu ndi chimodzi tinaitembenuza tonse awiri.

Inali pamenepo. Maginito ake anagwira chitseko cha firiji, kunsi, kumene nyundo sinaone. Inakakamira ngati mwana pamsana. Fumbi lokhalokha, koma pepala lilipo. Bowo lilipo. Mng'alu uli momwe unalili.

Mmisiri anaimatula ndi manja awiri, pang'onopang'ono. Anaipemerera. Anatulutsa kabatire kaja, anagunditsa mawaya awiri.

Inati khu.

Anagunditsanso. Khu. Chifuwa chomwe chija.

Munthu wamkulu, wa imvi, analira pakati pa mafiriji. Ine ayi. Ndinayang'ana wotchi. 1 koloko itadutsa. Mayi wa sikelo anakweza dzanja kuti tizipita nayo, tamudetsera kale pabwalo.

Tinafika kuholo anthu atayamba kuima pamzere panja. Ambiri a imvi, malaya akale a bandi othina pamimba. Ena anandizindikira, anakuwa dzina langa. Ndinadutsa khomo lakumbali, sipika nditaikulunga m'jekete. Akulu a suti anali pakhomo lalikulu, akulandira alendo awo. Bwino.

Ndinagwada kuseri kwa Nkhalamba. Mmisiri anandipatsa sikuludiraiva. Masikuluwu anali anayi. Loyamba linatuluka. Lachiwiri linatuluka. Wang'oma anaima pamwamba panga akuti Matayala, Matayala, tamvera kaye. Ndinamuuza kuti akamenye ng'oma zake.

“Ankolo, siyani.”

Kamsomali. Akadali ndi khoti loyera la kuntchito, chikwama cha gitala kumsana. Wamtali ngati bambo ake. Sanandipatse moni.

Ndinamuonetsa sipika. Ndinayankhula mothamanga. Ndinamuuza za tayi, za belu la pakhomo, za mafiriji. Ndinati asade nkhawa, mphindi khumi zokha Nkhalamba ibwerera mwakale, ndipo abambo ake aakulu akadzafunsa ndiyankha ndine.

“Ndinawatuma ndine,” anatero.

Ndinaganiza kuti sindinamve.

“Ndinawatuma ndine kuti akasinthitse. Bwezerani masikuluwuwo.”

Ndinaimirira. Sindikumbukira zonse zimene ndinanena. Ndinati wakulira m'phokoso la bokosi limeneli. Ndinati linamulipirira sukulu, linamugulira khoti loyeralo. Ndinati anthu ali panjawo sanabwere kudzamva belu. Ndinati akulu a suti ndiwakhululukira, ndi ogontha chibadwire, koma iye? Mwana wake weniweni? Ndinakweza mawu mpaka wabesi anatsika pa siteji.

Anandisiya ndimalize. Bambo ake ankachitanso choncho.

“Mwatha? Anadwala miyezi isanu ndi iwiri, ankolo. Ndinakuimbirani katatu. Katatu konse munati sabata yamawa. Ndinkawatembenuza ndine. Ndinkawameta ndine. Akamva lole panja ankati tasuzumira, mwina ndi Matayala. Lero mwabwera kudzandiphunzitsa kulira kwa bambo anga?”

Mmisiri anayang'ana kudenga.

Ndinati ndinali kutali. Anati akudziwa, ndimakhala kutali nthawi zonse.

Kenako anatsitsa chikwama cha gitala, anachitsamiritsa kukhoma. Anafotokoza osandiyang'ana. Sabata yomaliza, kuchipatala, bambo ake anamuuza za bokosilo. Anati akadzapita, sipika yakaleyo ichotsedwe. Iye anakana, anati anthu adzamudya wamoyo. Bambo ake anati awasiye amudye. Anati ukaimbira imeneyo, anthu azidzamva ine, iwe azidzangokuona ngati choimikira maikolofoni. Zaka makumi awiri uzidzaitanidwa kukatsokomola m'malo mwa munthu wakufa.

Ndinati Msomali sanganene zimenezo. Ndinadziwa kuti ananena. Mawuwo anali ake, ndi mwano wake womwe.

“Ananenanso china,” anatero Kamsomali. “Anati yong'ambikayo ukapatse Matayala. Ndi yake. Anaibowola ndi iyeyo.”

Sikuludiraiva inagwa pansi.

Wang'oma anaseka. Anayesa kubisa ndi dzanja, zinakanika. Wabesi nayenso. Ndinawayang'ana. Wang'oma anati aliyense ankadziwa, mpaka mlonda wa holo. Tsiku lomwelo Msomali anapeza kachidutswa ka pepala lakuda kunsonga ya mwendo wa choimikira. Anaonetsa bandi yonse ine ndikukaimika galimoto. Anawalumbiritsa. Anati munthu uyu mukamuuza kuti tikudziwa, achita manyazi, athawa usiku womwe uno, ndipo woyendetsa wina wosamwa sitimupeza.

Zaka khumi ndi ziwiri. Mphezi, chipolopolo, khoswe. Nkhani ya khosweyo anainena pa wailesi ine nditakhala pambali pake, nditagwira chikwama chake. Anandiyang'ana ponena kuti khosweyo anali ndi laisensi. Ndinaseka nawo ngati chitsiru.

Ndinapsa mtima kuposa m'mawa. Koma woti ndimukalipire anali pachithunzi, atavala tayi. Ndinamuyang'ana. Munthu woipa iwe. Unandisiya ndisenze chinthu chimenechi zaka zonsezi, ukuseka kumbali. Unadwala, sunandiimbire wekha. Ukanangoti Matayala bwera, usiye za sabata yamawa. Unkadziwa kuti ndikanabwera. Kapena unkadziwa kuti sindikanabwera. Sindikudziwa chopweteka kwambiri n'chiti.

Akulu a suti anafika pamenepo, fayilo m'khwapa, kudzatiuza kuti zitseko zitsegulidwa. Anaona sipika pa jekete langa. Anaona dzimbiri pa siteji. Anatsegula pakamwa.

Kamsomali anawatsogolera. Anawafunsa mwaulemu, mawu otsika, kuti Lachiwiri anawapempha zinthu zingati. Anati ziwiri. Choyamba? Kusinthitsa. Chachiwiri? Akuluwo anasuntha fayilo kupita kukhwapa lina. Anati yakaleyo sanabwere nayo, anaona kuti n'chinthu chong'ambika. Anaganiza kuti mng'ono wawo ankayankhula za matenda. Munthu sungapatse mlendo zinyalala ngati mphatso, n'zochititsa manyazi banja. Anamuuza mwanayo kuti ili m'galimoto, poganiza kuti aiwala.

“Bambo aakulu, chinali chinthu chimodzi chokha chimene anasiyira munthu ndi pakamwa pawo.”

Akuluwo anayang'ana chithunzi chawo chija. Anati ankangofuna kuti aoneke bwino, kamodzi kokha. Anapita kukatsegula zitseko.

Kamsomali anatola sikuludiraiva, anandipatsa. Sipika yakale inali apo. Bokosi lili apa, masikuluwu awiri atamasulidwa kale. Mmisiri anandinong'oneza kuti mphindi zisanu zikwana, mawaya ndi awiri okha. Anthu anali atayamba kulowa. Ndikanatha. Mwanayo sakanalimbana nane pamaso pa anthu. Holo yonse ikanakhala mbali yanga, ndinkadziwa.

Ndinabwezera loyamba. Ndinabwezera lachiwiri. Ndinamanga mpaka thabwa linalira. Mmisiri anati basi bwana, muthyola.

Ndinakhala mzere wachitatu, kumapeto, sipika pamiyendo. Mmisiri pambali panga. Alamu, mkazi wa Msomali, anali kutsogolo. Anacheuka, anandiona, anaona chimene ndanyamula. Anangogwedeza mutu kamodzi.

Akulu a suti anayankhula mphindi makumi awiri. Anati malemu anali munthu wofatsa. Holo inaseka, iwo sanadziwe chifukwa chake.

Kenako Kamsomali anakwera. Khoti loyera atavula. Wang'oma anawerenga ndi timitengo. Nyimbo yoyamba inali ija aliyense amaidziwa, yoyamba ndi gitala yokha. Anamenya nsambo.

Zoyera. Zosalala. Anthu anali atatsegula kale pakamwa kuti akuwe, ndipo anatsala choncho. Kunong'ona kunayamba kumbuyo, kunabwera kutsogolo ngati mphepo m'malata. Mwanayo anapitiriza.

Kumbuyo kwanga bambo wina anaimirira. Wamimba, malaya a bandi a chaka chomwe ndinabowola sipika. Anakuwa kuti si zimenezi. Anakuwa kuti Nkhalamba ili kuti, abweretse Nkhalamba. Awiri atatu anamuvomereza. Wina anayamba kumenya mpando.

Anali kunena mawu anga. Omwe aja a m'mawa. M'kamwa mwa munthu wina ankanunkha.

Ndinaimirira. Ndinatembenuka. Ndinakweza sipika m'mwamba ndi manja awiri, dzimbiri, magazi a chikhatho, bowo likuonekera kuwala kwa pawindo.

“Nkhalamba ndi iyi. Mwini wake anafa. Khala pansi umvere mwanayo, apo ayi ndikuveka m'khosi.”

Anandizindikira. Anakhala pansi. Womenya mpando anasiya.

Kamsomali sanayang'ane kwa ine. Anabwerera poyambira, anayambanso nyimboyo. Ulendo uno mofulumira kuposa bambo ake, mpaka wang'oma anachita kumuthamangira.

Sindinama. Sindinaikonde. Yoyamba sindinaikonde, yachiwiri sindinaikonde. Khutu langa linkadikira chifuwa chija pamalo pake, osachipeza, ngati phazi lofuna sitepe yomwe palibe. Yachitatu inali yake, yoti sindinaimvepo. Yakuthwa ngati galasi losweka. Sanali Msomali ngakhale pang'ono. Atsikana ena kumbuyo anaimirira pamipando. Bambo wamimba uja anakhala chete mpaka kumapeto. Mmisiri anandigunda ndi chigongono, anati sipika yakeyo ikugwira ntchito. Ndinamuuza kuti asandiyambe.

Titatuluka dzuwa linali likadalipo. Kamsomali anandipeza pakhomo lakumbali ndikupinda mawaya. Palibe anandituma, manja anangoyamba okha. Anafunsa kuti ndinyamuka liti. Ndinati Lolemba. Anati mawa ndipite kunyumba, amayi ake akufuna kundikalipira nawonso, ndisawamane mwayi. Ndinapita. Anandikalipira kuyambira m'mawa mpaka masana. Ndinakhala pampando umodzi maola asanu osadzuka. Anati n'koyamba kundiona nditatero.

Lolemba m'mawa ndinakatenga lole kwa mabwana anga, ndinadutsira nayo kuseri kwa depoti. Mmisiri anakwera ndi zida zake. Anachotsa sipika ya chitseko cha kumanzere, anaika yong'ambika ija. Sinakwane bwino. Anaimanga ndi lamba wathu wakale, amene anamupeza pansi pa tebulo lake.

Pano chilichonse cha pa wailesi chimatuluka ndi chifuwa. Wowerenga nkhani amakalipa. Wolosera zanyengo amatukwana. Nyimbo za Msomali zikabwera ndimatseka, zimang'ambika kawiri. Pa bampu iliyonse chitseko chimati khu, ndipo ndimamuyankha. Khoswe ndiwe.